Chiliza Chodikira Lamulo

Tolliver Creek
9 Januwale 1995

Twila mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kulikuluko. Ndikuti ndikhulupirira chifukwa china ndilibe choti ndigwire, kalata yako yomaliza inafika kuno masamba asanayoyoke m'mitengo. Ife tilipo. Bondo langa ndi lomwe lija, chipale chofewa chatseka msewu wa kutchalitchi kawiri, mlamu wako Nadine ndi kamwana kake Ruthie akutsokomola koma akudya.

Tamva nkhani. Lamulungu lapitali a Haskell Tate, phungu wathu uja, anabwera kunyumba titaweruka mapemphero. Anakhala pampando wa malemu bambo ako, anadya keke ya maapozi osaisiyako, kenako anandigwira dzanja nati, "Mayi Yancey, nyumba ya malamulo ikatsegulidwa ndikukapereka bilu. Aliyense wopha munthu wa magetsi, wa madzi kapena wa mafoni ali pantchito, naye aziphedwa. Ndipo lamulolo tidzalitcha dzina la mwana wanu. Lamulo la Dewey."

Ndinalira, Twila, a Tate akuyang'ana.

Iwe ukudziwa chimene chimandidya mumtima. Kukhoti kuja anatiuza popanda manyazi kuti m'boma lino muli mndandanda wa anthu amene ukawapha nawenso umaphedwa: wapolisi, woyang'anira ndende, ndi munthu amene wamupha pomubera. Mchimwene wako ankangowerenga mamita a magetsi, ndiye pamndandandawo panalibe. Virgil Stroud anamuwombera pageti poganiza kuti wabwera kudzamudulira magetsi, ndipo lero akudya katatu patsiku kundende, babu likumuunikira pamutu. Lamulo ili likadutsa akakhala pampando wamagetsi wophera anthu, ndipo ine ndidzagona tulo.

A Pruitt osema miyala ndawauza kuti adikirebe. Mwala ulipo, wakuda bwino, koma salembapo kanthu mpaka lamulo litadutsa. Pansi pa dzina ndikufuna mawu akuti LAMULO LA DEWEY LINAYAMBIRA PANO.

Iweyo uli pafupi ndi nyumba ya malamulo. Upite ukakhale kutsogolo ndi chithunzi chake chija ali mu yunifomu, aphunguwo aziona nkhope. Unditumizirenso mankhwala opaka bondo aja, a kuno ndi madzi okhaokha.

Ndine mayi ako,
Opal


Ku likulu
24 Januwale 1995

Amayi okondedwa,

Ndili bwino, kaya inu ndi bondolo. Mankhwala ndatumiza. Sindinaleke kulemba dala, kuchipatala cha mano kuno anthu amabwera ngati dziko lonse lawola m'kamwa. Komanso ndikaimba foni mumadula ndikangotchula za mwala, ndiye musamandinene ndekha.

Ndinapita monga munandilamulira. Ndinapempha tsiku kwa adokotala, ndinanyamula chithunzi cha achimwene, ndinakhala pabenchi lolimba kuyambira m'mawa. Aphungu anakangana za msonkho wa fodya, anakangana za mlatho, anapita kukadya, anabwerako akuyasamula. Dzuwa litapendeka mlembi anangoti bilu ya a Tate aisunthira tsiku lina. A Tate eniake sindinawaone n'komwe.

Tsopano Amayi, khalani pansi muwerenge bwinobwino, osalumpha mizere ngati mmene mumachitira ndi mapepala a kuchipatala. Lamulo siliyenda chambuyo. Kuli loya wina amene amabwera kwathu kudzakonzetsa mano. Ndinamufunsa asanamuzule dzino, ndinamufunsanso atamuzula, yankho linali lomwelo. Virgil anaweruzidwa kale, akhala kundende moyo wake wonse, ndipo ngakhale atadutsa malamulo khumi a dzina la Dewey, iye sangamukhudze. Ngati a Tate sanakuuzeni zimenezi, ndiye kuti ankafuna keke yanu ndi misozi yanu basi.

Chaka ndi theka chatha achimwene akugona pansi pa kachikwangwani kachitsulo ka anthu okonza maliro, ngati mlendo amene anafera pamsewu. Zimenezi zimandipweteka kuposa Virgil. Ikani mwala, Amayi. Dzina ndi zaka, zakwana.

Mwana wanu,
Twila


Tolliver Creek
6 Febuluwale 1995

Alamu anga,

Muli bwanji kumeneko? Ife chifuwa chatha, koma kalata yanu ija yayatsa moto kuno, ndipo amene akupsa ndine.

Apongozi anaiwerenga ataimirira, anaipinda, n'kuiika pansi pa mphika wa maluwa. Ndinawafunsa kuti Twila akuti bwanji, iwo akuti, "Akuti tauni yamudya mutu." Kutchalitchi auza amayi onse a kwaya kuti inu muli mbali ya Virgil, mwapeza loya wopanda mano woti amuteteze. Ndinayesa kukonza nkhaniyo, koma mukuwadziwa amayi anu, akayamba nyimbo samva ng'oma ya wina.

Chimene ndakulemberani ndi ichi. Kachitsulo ka pamanda kaja kanagwa ndi mphepo, chipale n'kukakwirira. Loweruka Ruthie anapita yekha ndi maluwa apepala amene anapanga kusukulu. Nditamutsatira ndinamupeza atagwada pamanda a agogo a bambo anu, akuwauza kuti dzino lake lagwedera. Mwana kuwafotokozera anthu a m'zaka za makedzana za dzino, akuyesa ndi bambo ake! Ndinangomusiya amalize, ndikanatani.

Madzulo ndinawauza apongozi. Ndinati, "Amayi, mwana sakudziwa pamene pali bambo ake."

Akuti, "Ndiye umulozere, chala ulibe?"

Ndinati, "Tiyeni tiike mwala, mawu enawo adzawonjezera lamulo likadutsa."

Akuti, "Chiliza si buledi choti uzidula pang'onopang'ono. Mwana wanga anafa ngati galu wosokera chifukwa dzina lake silinali papepala la boma. Ndimuikire mwala wonena chiyani? Kuti palibe chimene chinachitika?"

Apa ankalira. Manda ali pamalo a apongozi, mwala anasankha okha, ine ndine mkazi wobwera. Koma anali mwamuna wanga, alamu, ndipo zandikwana. Chonde lembaninso, koma mofatsa. Inu ndi iwo mukakumana mumakhala ngati atambala awiri khola limodzi.

Ndine,
Nadine


Tolliver Creek
13 Febuluwale 1995

Twila,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino. Mankhwala afika, bondo likumvako.

A Tate ndinawaimbira foni ndekha za loya wako uja. Anaseka nati, "Mayi Yancey, tiyeni tiyambe tadutsitsa lamulo, zinazo tidzaona." Wamva? Tidzaona. Sananene kuti ayi. Munthu wakhala m'nyumba ya malamulo kuyambira iwe ukuvala matewera, ndiye ndimvere munthu amene anali atayasamula pampando wa mano?

Akuti komiti ikumana kumapeto kwa mwezi uno ndipo abale adzaloledwa kulankhula. Ine bondoli silingandifikitse, ndiye upite iwe. Ndakutumizira chipewa chake cha kuntchito, uchiike patebulo pamaso pawo. Usakalankhule ngati ukupepesa. Unali mwana wapakamwa kuyambira kale, pakamwapo pagwireko ntchito kamodzi.

Ndipo ukamulembera Nadine, umuuze kuti makoma a nyumba ino ndi opyapyala.

Mayi ako


Ku likulu
2 Malichi 1995

Amayi,

Ndili moyo, ngakhale mutu ukundiwawa kuyambira Lachiwiri. Ndikhulupirira inu muli bwino. Ndinapita, ndinalankhula, ndipo ndikuuzani zonse, mukwiye mutamva.

Ndinkayesa ndikhala ndekha ndi chithunzi. Amayi, khonde lonse linali zithunzi. Pafupi nane panali mayi wina, mwamuna wake ankayendetsa takisi. Kutsogolo kunali bambo wonyamula kansapato ka mwana. A Tate atangotsegula chitseko ndi bilu yawo, phungu aliyense anabwera ndi wakufa wake kuti naye alowe pamndandanda. Wina akufuna oweruza milandu, wina mboni za kukhoti, wina ozimitsa moto, wina ana aang'ono.

Ndiye anayamba kunenerera ngati ali pamsika wa ng'ombe. Pa ana anati malire akhale zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo wa kansapato uja anaimirira nati, "Wanga anali atangokwanitsa zisanu ndi ziwiri. Ndiye kuti anakula mochedwa kapena mofulumira?" Wapampando anamenya kanyundo kake n'kumuuza kuti akhale pansi, nthawi yake sinakwane.

Nthawi yanga itafika ndinaika chipewa patebulo. Ndinawauza kuti achimwene ankadziwa dzina la galu aliyense m'chigwa chathu, kuti ankanyamula mabisiketi m'thumba chifukwa cha agaluwo, ndiponso kuti tsiku limene anaphedwa sanapite kukadula magetsi a munthu, anangopita kukawerenga manambala. Ndisanamalize kanyali kofiira kanayaka, kusonyeza kuti nthawi yatha. Sindinapepese, musade nkhawa.

Kenako phungu wina wonenepa anavula magalasi nati, "Anzanga, tikalowetsa owerenga mamita, mawa abwera a positi, mkuja obweretsa mkaka. Tidzalekera pati?" Ena anagwedeza mitu. Anavota. Oweruza analowa, mboni zinalowa, ana osapitirira zaka zisanu ndi chimodzi analowa. A magetsi, a madzi ndi a mafoni anawachotsa. Wa takisi sanamutchule n'komwe.

A Tate ndinawagwira pamasitepe. Ndinati, "Bwana, mwamuchotsa mchimwene wanga m'lamulo lake lomwe?"

Akuti, "Chemwali, ndale n'kupatsana. Tikanaumirira, bilu yonse ikanafa."

Ndinati, "Ndiye chotsaninso dzina lake."

Anandiyang'ana ngati ndawapempha impso. Akuti, "Dzinalo ndi limene likuyendetsa biluyi. Anthu alizolowera, manyuzi alilemba kale. Amayi anu adzanyadira."

Ndinafuna kuwamenya ndi chipewa chija, koma ndinachilemekeza chipewacho.

Ndiye mumve, Amayi. Lamulo la Dewey likadutsa, munthu akadzawombera wowerenga mamita pageti, chilango chake chidzakhala chomwe chija analandira Virgil. Anthuwa akutidyera masuku pamutu. Musalole a Pruitt alembe bodza pamwala wa achimwene, mwala sufufutika.

Mwana wanu wapakamwa uja,
Twila


Tolliver Creek
11 Malichi 1995

Twila mwana wanga,

Moni wa chimwemwe! Ladutsa! Ndamva ndi makutu anga pawailesi, wowerenga nkhani anatchula bwinobwino kuti Lamulo la Dewey, ndinali ndikutsuka mbale mpaka ndinaswa kapu. Abusa analengeza kutchalitchi, anthu anaimirira. Ngakhale Ida, mkazi wa Virgil, anali pomwepo kumbuyo, anangoweramitsa mutu.

Kalata yako yaitali ija inafika tsiku lomwelo. Ndinaiwerenga yonse, usati ndinalumpha. Ndaona kuti unatopa ndipo unapsa mtima, ndiye zina unazimva mokhota. Iwe kuyambira uli mwana ukapsa mtima makutu amatseka, unatengera bambo ako. Lamulo lingatchedwe dzina la munthu munthuyo mulibe? Unaonapo kuti? Ngakhale zili choncho ndakukhululukira, chifukwa unalankhula ndipo chipewa unachiika patebulo.

Kwabwera khadi lokhala ndi chidindo chagolide. Bwanamkubwa asayina mwezi wamawa ndipo ine akundifuna ndikaime pambali pake. Bondo lifune lisafune ndibwera pa basi. Undikonzere pogona, ndipo makatani ako aja uwachape.

A Pruitt ndawauza kuti ayambe. Akuti msana wawagwira mwadzidzidzi, ayamba ukapola. Amuna a masiku ano!

Mayi ako okondwa,
Opal


Ku likulu
12 Epulo 1995

Alamu anga Nadine,

Muli bwanji ndi Ruthie? Poyamba ndithokoze chifukwa cha msana wa a Pruitt. Sindikudziwa kuti munawauza chiyani, koma auzeni usapole kaye. Amayi ndawakweza basi m'mawa uno. Akafika osalankhula musawafunse, werengani kuno.

Anavala diresi la buluu lija anavala pa ukwati wanu. Anatilowetsa m'chipinda chachikulu, makamera mbali zonse, a Tate akumwetulira mpaka mano a m'mbuyo, amene ndinaona kuti akufunika kuwakonza. Patebulo panali zolembera zambirimbiri zondandalikidwa. Kumeneku bwanamkubwa sasayina ndi cholembera chimodzi. Amalemba kachidutswa ka dzina lake, n'kusintha, kachidutswa kena, n'kusintha, kuti aliyense wofunika apatsidwe chake akasunge. Ndiye munthu wamkulu anakhala pamenepo akujambula dzina lake pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu ya mkaka.

Atamaliza anatembenuka n'kupatsa amayi cholembera choyamba. Anthu anaomba m'manja. Amayi sanachilandire msanga. Anatulutsa magalasi m'chikwama, anawapukuta, n'kunena mokweza, mukudziwa mmene amalankhulira poti khutu lina silimva, "Bwana, tandionetsani pamene pali mwana wanga."

Bwanamkubwa analoza pamwamba papepala. "Apa, Mayi. Lamulo la Dewey."

Amayi akuti, "Ilo ndi dzina. Dzinalo ndikulidziwa, ndinamupatsa ndine. Ndikufunsa pamene pali iyeyo."

 A Tate anayesa kuwagwira phewa, amayi anawasasa ngati ntchentche. Anaweramira papepala, chala chikuyenda mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Oweruza. Mboni. Ana. Anatembenuza pepala kuona kumbuyo, kunalibe kanthu. Alamu, ndakhala ndikufuna kuti tsiku lina adzaone okha kuti ndinkanena zoona, koma pamene ankatembenuza pepala lija ndinalakalaka ndikanakhala wabodza.

Kenako anafunsa, "Nanga Virgil Stroud?"

Bwanamkubwa anayang'ana a Tate, a Tate anayang'ana nsapato zawo. Mayi wina wa mu ofesimo ndi amene ananong'ona kuti lamulo limayambira lero kupita m'tsogolo.

Amayi anangoti, "Oho." Analandira cholembera, anachiponya m'chikwama pamodzi ndi maswiti a chifuwa, n'kundigwira mkono. Wojambula anathamangira kutsogolo kuti, "Mayi, tamwetulirani pang'ono!" Iwo akuti, "Jambula a Tate, ali ndi mano okwanira tonse."

Kunyumba sanadye. Anakhala pakhonde ndi chipewa cha achimwene pamiyendo. Ndinawapangira tiyi, anandiuza kuti makatani anga akadali akuda. Ndi mawu okhawo amene ndinamva mpaka pokwera basi.

Muwayang'anire, chonde. Ndipo mundilembere, foni sangayankhe.

Mlamu wanu,
Twila


Tolliver Creek
15 Meyi 1995

Twila mwana wanga,

Uli bwanji? Kuno kwafunda, mitengo ya maapozi yachita maluwa, bondo lasiya kundilalatira. Nadine akuti ukudandaula kuti sindikulemba. Tsopano walawa mmene zimakomera.

Choyamba ndikudzudzule. Nkhani yaikulu ngati ija umailemba m'kalata yodzaza ndi aphungu onenepa ndi tinyali tofiira? Ukanakwera basi n'kudzandiuza pamaso. Usayankhe, ndikudziwa chimene unene, ndipo Nadine wanena kale m'malo mwako.

A Tate anabweranso Lamulungu lina, akuti chaka chamawa adzayesanso kulowetsa a magetsi, ndiye ndiwabwereke chithunzi cha Dewey cha pa mapepala awo a chisankho. Ndinawalandirira pakhonde. Keke inalipo m'nyumba, ndipo fungo lake analimva.

Cholembera chawo chija ndinati chigwireko ntchito. Ndinakhala patebulo kuti ndilembe mawu opita kwa a Pruitt, amene msana wawo unapola tsiku lomwe ndinafika, ndipo ndikudziwa dokotala amene anawachiza. Chinalemba dzina loyamba lokha, n'kuuma. Chinthu chagolide, chidindo cha boma pambali, inki ya dzina limodzi! Ndinamalizira ndi pensulo ya Ruthie. Cholemberacho ndachiika m'kabati ya zomangira, mwina chidzathandiza kutokosera paipi.

Mwala tinauimika Loweruka. Palembedwa kuti DEWEY YANCEY, zaka zake, ndipo pansi pake ANKAWERENGA MAMITA A MAGETSI. A Pruitt anandifunsa kawiri ngati ndi zokhazo. Ndinati ngati boma likuchita manyazi kulemba ntchito ya mwana wanga, ine sindichita. Ruthie anawerenga yekha mawu onse, chala chili pamwala, kenako anayambiranso nkhani ya dzino ija kuyambira pachiyambi, poti akuti ulendo woyamba anauza munthu wolakwika. Ndinalira, Nadine analira, a Pruitt ananamizira fumbi.

Za Virgil usandifunse. Tulo sindinayambe kugona bwino, ndipo sindikulonjeza.

Lero kunabwera Cletus Mabry kudzawerenga mita yathu. Ukumukumbuka, mnzake wa Dewey wa ndevu uja, ali ndi ana atatu tsopano, ndipo ndi amene anapatsidwa njira ya Dewey, mpaka kugeti kwa a Stroud. Atamaliza anavula chipewa nati, "Mayi Yancey, ndimafuna ndikuthokozeni. Kuntchito tonse tikuti tsopano tikuyenda mtima uli m'malo. Munthu aziganiza kawiri asanatiloze mfuti, poti kuli Lamulo la Dewey."

Twila, ndinayang'ana bambo ameneyu, chipewa chake chofanana ndi chija, thumba lake lotupa ndi mabisiketi a agalu. Ndinaganiza zongomusiya apite ndi chimwemwe chake. Kenako ndinakumbuka kuti inenso anthu anandisiya ndi chimwemwe changa, ndipo unaona kumene chinandifikitsa.

Ndinamuuza kuti, "Cletus, khala pansi umwe khofi. Ukafika pageti la munthu uziliza hutala, uzikuwa dzina lako, ndipo usatsike m'galimoto mpaka mwini nyumba atatuluka manja ali poyera. Ukawauzenso anzako onse. Lamulo lija ndinaliwerenga ndekha kutsogolo ndi kumbuyo. Iwe mulibe."

Ubwere mwezi wamawa udzaone mwala. Ubweretse chipewa chija, ndinachiiwala pakhonde pako.

Ndine mayi ako,
Opal